Njinga Zinayi pa Masamba a Maliro

Loweruka lapitali mwana wanga Dalitso anatulukira kwathu ku Chelstone ndi anzake atatu, aliyense pa njinga imene mtengo wake sindinafune n'komwe kufunsa. Matayala onenepa, magiya osawerengeka, zipewa zolimba kumutu, ndi akabudula othina moti mayi ake anayang'ana kumbali. Dalitso ndi munthu wamkulu tsopano, amagwira ntchito mu ofesi ina ku Longacres ndipo amachita lendi ku Kabulonga. Iye ndi anzakewo atola chizolowezi chatsopano, chopalasa njinga m'tinjira ta miyala ndi fumbi kumene galimoto sifika.

Ndinaseka. Ife tinkapalasa njinga chifukwa chosowa ya basi, awa akupalasa kuti aphwetse mimba.

"Dadi, mutilangizeko njila ija mumakamba," anatero Dalitso. "Mu tauni ma minibasi yazatipaya."

Sananame. Chiyambire pamene aliyense analoledwa kuyika minibasi pamsewu, wa njinga mu Lusaka amayenda mtima uli m'manja. Tayesani kupalasa pafupi ndi City Market dzuwa lili paliwombo muone ngati kondakitala sakukumbutsani dzina la agogo anu.

Kunena zoona, ndinanyadira. Mwana akakula n'kubwera kudzakufunsa njira, umamva ngati ukadali ndi ntchito padziko pano. Ndinatulutsa njinga yanga yakale ya giya imodzi, ndinapopa matayala, ulendo unayambika.

Njira imene ndimakamba ija imachoka pa tala kum'mawa kwa Chelstone, n'kukhotakhota pakati pa mipanda ya njerwa ya anthu ogula mapuloti. Mipandayo ikatha, dziko limatseguka. Umatsetsereka kulowa m'dambo lalikulu kumene kamtsinje kena kamakathira mu Chongwe. Kuli bango, akakowa, madimba a repu ndi tomato, ndipo phokoso lokhalo ndi la miyala yothetheka pansi pa tayala. Pa kamtsinjeko pali ulalo wa mitengo, ndipo ukawoloka, njira imadutsa pabwalo penipeni pa nyumba ya munthu. Kwina kolambalala kulibe: kumanzere ndi matope, kumanja ndi waya wa famu ya bwana wina amene palibe anamuonapo nkhope.

Nyumbayo ndi ya a Mwansa, mnzanga wochokera ku Luapula amene tinkakhala naye moyandikana ku Kabwata. Tinkagwira ntchito limodzi pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area mpaka pamene inagulitsidwa ife n'kuuzidwa kuti tikapume. Ine ndinakakamira m'tauni, iwo anakapempha malo kudamboko. Ulalowo anayala ndi iwo, ndipo sanaletsepo munthu kudutsa pabwalo pawo. Wa makala, wa tomato, wopita kuchigayo, onse ankadutsa, malinga apereke moni. Panali patapita nthawi ndithu tisanaonane, ndipo m'njiramo ndinkakonzekera kale zoti ndikawaseke nazo.

Titafika pamtsetse, anyamata aja anandisiya. Njinga yanga inali kulira ngati chitseko cha khola, zawo zikuuluka. Ndinangowakuwira kuti atsate njira mpaka pa ulalo, ine ndiwapeza.

Nditawoloka ulalowo, ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa njira. Pamwamba pake panali mizere inayi ya matayala, masamba ataphwanyikira m'fumbi. Kutsogolo ndinamva mawu a mmodzi wa anyamatawo akukuwa kuti, "Njila! Njila!" ndipo pansi pa mawuwo panali nyimbo ya amayi, yotsika, ija imene munthu sufunsa kuti ndi ya chiyani.

Ndinaimitsa njinga.

Inu amene munakula ngati ine mukudziwa chimene masamba a pamsewu amanena. Pano pagwa zovuta. Wa njinga amatsika, amavula chipewa, amakankha njinga yake mwakachetechete mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Ngati ali ndi nthawi amakhala pansi pang'ono, ngakhale womwalirayo sakumudziwa. Palibe anatilembera zimenezi pa bolodi. Tinkangoona akuluakulu akutsika, nafenso tinkatsika.

Ndinatsika, ndinavula kapusi yanga, ndinakankha njinga. Pabwalo ndinapeza fumbi likadali m'mwamba, likutera pa amayi amene anakhala pansi ndi pa madengu a ufa. Anyamata anga anali ataimitsidwa kumapeto kwa bwalo, zipewa zikadali kumutu, achinyamata a pamalopo atagwira mahandulo a njinga zawo. Amene anagwira ya Dalitso ndinamuzindikira: Chanda, mwana woyamba wa a Mwansa.

Atandiona anasiya njingayo n'kubwera.

"Ba Phiri, aba bantu ni banu?"

Ndinavomera ndi mutu. Kenako ndinafunsa funso limene yankho lake ndinali nditaliona kale m'maso mwake.

"Ni batata," anatero Chanda. "Batisiya mailo, pa Chisanu. Tinatuma muntu ku Chelstone, koma sanapeze nyumba yanu. Ati konse ni ma geti chabe."

Ndinakhala pansi pomwepo pa chitsa. Ndinabwera ndi nthabwala m'kamwa kudzaseka ndi mnzanga, ndipo chimene ndinamubweretsera ndi fumbi pa maliro ake. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe pamene ndikulemba pano.

Dalitso anabwera n'kunjuta pafupi nane, akunong'ona. "Dadi, ine sininazibe. Ninaona monga ni mphepo yagwesa ma blanchi."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndimukalipire chiyani? Mwanayu si wamwano. Akafika pakhomo amagwada popereka moni kwa mayi ake. Kungoti masamba a pamsewu sanawaonepo akugwira ntchito. Maliro amene iye amawadziwa ndi a ku Woodlands ndi Kabulonga: tenti mkati mwa mpanda, mlonda pa geti, galimoto zitandandalika panja, ndipo woyandikana naye nyumba amadziwa kuti kwagwa zovuta chifukwa choti wasowa poimika galimoto yake.

Tinawalera choncho ana athu, tisakane. Pamene nyumba za kampani ndi za khansolo zinagulitsidwa kwa okhalamo, chinthu choyamba chimene aliyense anagula ndi njerwa za mpanda. Pamwamba tinaikapo magalasi osweka. Maliro akachitika m'dera, tinkapita tokha, ana n'kuwasiya pa TV, ati angaone zoopsa, ati mawa ali ndi mayeso. Tinkati tikuwateteza. Nanga mwana amene sanakhalepo pa chitsa pakati pa amuna olira, akadziwira kuti zotsika panjinga?

Ndipo si ana okha. Kodi simunaone minibasi ikuimbira hutala galimoto yonyamula bokosi kuti ipatuke? Kodi inuyo, pamene munadutsa pa nyumba ya maliro sabata yatha, munatsitsa wailesi ya m'galimoto? Akuluakulu anati maliro n'kulirana, koma ife tafika poti maliro a mnzathu ndi chinthu chotichedwetsa ulendo.

Chimene chikundidandaulitsa kwambiri n'chakuti anyamatawa akufuna chinthu chabwino. Atopa ndi utsi, akufuna mphepo ya kudambo, akufuna kumva mbalame. Koma akuganiza kuti njira yopanda galimoto ndi njira yopanda mwini. Tinjira timeneti sitinalambulidwe ndi boma. Tinapondedwa ndi mapazi a anthu, timadutsa pa mabwalo a anthu, ndipo timakhala totsegula chifukwa cha ulemu wa odutsa. Ulemuwo ukatha, mwini bwalo ali ndi minga yambiri pafupi.

Achinyamata a pamalopo anali atayamba kale kukamba zotseka njirayo. Ndinamva wina akuti, "Tivale chabe iyi njila. Mailo bazagunda mwana." Sindinathe kuwatsutsa.

Patapita kanthawi anatiitana m'nyumba kuti tikapepese amayi a Chanda, amene aliyense amawatchula kuti bana Chanda. Ndinauza anyamata aja kuti avule zipewa ndi nsapato. Tinalowa chokwawa, tinakhala pansi pafupi ndi khomo. Mayiwo anali atatsamira khoma, atafunda chitenje kumutu, mawu atatha ndi kulira. Ndinapepesa za imfa, kenako ndinapepesa za fumbi, ndipo mawu anga ankamveka opepuka ngakhale kwa ine ndemwe.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana anyamatawo mmodzimmodzi.

"Wanu ni uti apa, ba Phiri?"

Ndinaloza Dalitso.

"Uyu ni Dalitso?" Anatembenukira kwa iye. "Iwe, siunakumbuke? Ku Kabwata, pa ma fulati, nindani anali kukugwilila njinga kumbuyo? Batate bako benze ku shifiti. Ba Mwansa ndiye benze kutamanga pambuyo pako mpaka waziba kuchova. Lelo wabwela kubaonesa mwamene unazibila."

Sanakweze mawu. Sanatukwane. Anangokokera chitenje kumaso n'kuyambanso kulira, amayi ena n'kulandira.

Dalitso anagwetsa nkhope. Munthu wa ndevu zake, wa ofesi yake, misozi inagwera pa kabudula wothina uja. Pobwerera palibe amene anakwera njinga. Tonse asanu tinakankha mpaka pa ulalo, ndipo ngakhale titawoloka, Dalitso anapitirizabe wapansi.

Tsiku loika maliro tinapitanso, iye ndi ine, titavala ngati anthu. Anagwira fosholo kumanda mpaka manja anatuluka matuza, ndipo Chanda anamupatsa madzi akumwa. Pamenepo mtima wanga unatsikako pang'ono. Koma madzi akatayika saoleka. Pochoka tinapeza kutsidya kwa ulalo kutaikidwa mulu wa minga, ndi kampata kakang'ono kokwana munthu wapansi yekha. Wa makala uja, wa tomato uja, amene sanalakwire munthu, tsopano akuzungulira ku msewu waukulu, kukapikisana ndi malole.

Sindikudziwa ngati mingayo idzachotsedwe. Chanda anati aona maliro akatha, ndipo sindinamukakamize.

Inu makolo anzanga a m'mipanda, amene ana anu akugula njinga zodula kuti akapume mphepo kumidzi ya eni, ndikufunseni chinthu chimodzi. Tsiku limene masamba adzayalidwe pa msewu wa kwanu, inu mutagona m'nyumba osatha kudzilankhulira, mwana wa mnzanu akadzafika pamenepo ali pa liwiro, adzatsika?