Lumo la Azakhali

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Domwe, ife ana tinkadziwa kuchuluka kwa maliro pongogwira m'mutu. Munthu akamwalira pabanja, patapita masiku ochepa pankakhala kumeta, ndipo wachibale aliyense ankakhala pansi n'kupereka mutu. Zaka zimenezo maliro ankachita kutsatizana, moti tsitsi langa silinkapatsidwa mpata. Likangoti liyambe kuda, kwabwera uthenga. Amene anakulira kumapiri kuno akudziwa zimene mphepo ya mu Juni imachita ndi mpala wa mwana.

Wometa anali azakhali aRozaria, alongo awo a bambo. Anali ndi lumo limodzi lachikale, lomwe ankalitsomeka kudenga, ndipo ankalinola pamwala wa pakhomo. Lumolo linameta agogo athu, choncho azakhali ankalitchula mwaulemu ngati munthu wamkulu. Dzanja lawo linali lolemera. Mutu uliwonse unkachoka pamenepo ndi timabala, iwo n'kupukuta lumolo pachitenje, n'kuitana wotsatira. Ankayamba ndi wamasiye, kenako akuluakulu, ife ana n'kutsirizira lumo litabuntha. Chaka china tonse tinatuluka chipere sabata imodzi, azakhali n'kunena kuti timasewera kwambiri ndi agalu. Galu tinalibe, koma sitinatsutse.

Ndili m'kalasi yachinayi, bambo aang'ono anabwerako ku Tete, komwe ankakweza katundu m'magalimoto. Anatsika shapa, minibasi ya kwathu, malaya akuwalendewera m'mapewa. Akazi awo, mayi aang'ono aNangozo, anawadwazika miyezi yambiri. Matendawo palibe ankawatchula dzina. Anthu ankangoti ndi omwewa. Koma mantha okha analipo. Kopo yawo yomwera madzi anaimanga kachingwe kofiira pachogwirira kuti wina asaisokoneze, ndipo pampando womwe akhalapo pankadutsa tsiku wina asanakhalepo. Atamwalira, kopo ija inasiyidwira aNangozo, ndipo ife tinaletsedwa kupita kunyumba kwawo.

Masiku omwewo aphunzitsi athu, omwe kwathu timati apulofesora, anali atatiphunzitsa za SIDA, yomwe ena amati Edzi. Anati kachilombo kake kamadutsa m'magazi, pogonana mosadziteteza, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Atatchula zogonanazo, kalasi yonse inayamba kufunafuna zinthu pansi pa mabenchi. Anatinso kopo, mbale kapena moni wa padzanja sizipatsirana, koma lumo kapena singano zikhale za munthu mmodzi. Ndinawafotokozera mayi tikukumba mbatata ya kachewere. Iwo anangondiuza kuti nditole zomwe ndatema ndi khasu. Koma tsiku la msika anabwera ndi kapaketi ka malezala atsopano, n'kukamanga pakona ya chitenje.

Madzulo oti mawa n'kumeta, mayi anakagwada kwa azakhali n'kupempha kuti ana okha ametedwe ndi malezalawo. Azakhali anawakumbutsa kuti iwo ndi mtengwa chabe, anapeza mwambowo ulipo ndipo adzausiya ulipo. Anati lumo limodzi ndilo limaonetsa kuti banja ndi limodzi, ndipo wolikana apinde mphasa yake abwerere kwawo ku Fonte Boa, ana awasiye. Bambo analipo. Anayang'anitsitsa mpini wa khasu lawo ngati akuuona koyamba.

M'mawa mwake tinasonkhana kuseri kwa nkhokwe. Kunali chifunga, ndipo pankanunkha sopo ndi phulusa lonyowa. ANangozo anakhala pamphasa, azakhali n'kuyamba kupala. Tsitsi linkagwera m'mapewa mwawo, ndipo kuseri kwa khutu lumo linaluma. Ndinaona magazi akutsika pang'onopang'ono m'khosi mpaka kulowa m'bulauzi. Ndinachita mantha enieni. Ndinayang'ana mayi, omwe anali atakumbatira mng'ono wanga Zeka mwamphamvu moti mwanayo ankaphupha, koma iwo maso anali pansi. Ndinadziwa kuti sadzayankhulanso, ndipo lumo lija lidzafika pamitu yathu.

Azakhali anapukuta lumo pachitenje n'kuitana wotsatira. Pamenepo aNangozo anatambasula dzanja ngati akufuna kungoliona, azakhali n'kuwapatsa. Anaimirira nalo, ndipo anayankhula ndi mawu omwe ankaitanira nkhuku, osakweza, osatsitsa.

"Alamu, kopo yanga mumaiopa, ndipo sindinadandaulepo. Kopoyo ilibe kanthu. Magazi awa ndiwo ali ndi kanthu. Ndinapita kuchipatala ku Ulongwe, anandiyeza, ndili nako. Lumo ili lisakhudze ana."

Atatero anayenda kupita kuchimbudzi, n'kutulukako chimanjamanja. Lumo lomwe linameta agogo linathera komweko.

Wina anatsokomola. Kenako mayi anamasula kona ya chitenje, n'kuika kapaketi kaja pamphasa, n'kubwerera pomwe anakhala. Mwambo sukanaima pakati, choncho azakhali anatola. Aliyense anametedwa ndi lezala lake, ndipo chifukwa cha mkwiyo wa wometa tinachoka ndi mabala ochuluka kuposa maliro ena onse. Azakhali sanavomerepo kuti panali chilichonse cholakwika ndi lumo lawo. Mpaka imfa yawo ankangoti malezala a kusitolo alibe ulemu.

Amene analipira anali aNangozo. Kale anthu ankangowaganizira, tsopano anali atamva ndi makutu awo. Kuchitsime azimayi ankadikira kuti iwo atunge achoke. Kutchalitchi benchi yawo inakhala yotakasuka kuposa onse. Mbatata yawo, yomwe inamera m'dothi lomwelo ndi yathu, inasowa woigula. Zimenezi zimandiwawabe ndikazikumbukira, chifukwa ena mwa owathawawo anali makolo a ana omwe anali nane pamzere tsiku lija.

Mayi okha anachita zawo. Masana a tsiku lomwelo anandipatsira ndiwo m'mbale n'kundiuza kuti ndikadye ndi mayi aang'ono, ndipo ndikamva ludzu ndisabwerere kudzamwa kwathu. Ndinamvetsa. Titadya, aNangozo anandipatsa madzi m'kopo ya kachingwe ija. Zonse za apulofesora zinandithawa m'mutu. Ndinamwa nditatsinzina, ndipo sabata yonse ndinkadikira kufa. Chomwe chinandigwira ndi chimfine, chifukwa cha mpala.

Lero zambiri zinasintha. Pa kumeta amangodula katsitsi pang'ono ndi sizasi, moti ana amabwerako kumaliro tsitsi lili bwinobwino. Ometa a ku Ulongwe amapukuta makina ndi mankhwala munthu aliyense asanakhale pampando. Ana anga amatchula makondomu osayang'ana pansi pa benchi, mpaka ine ndimachita kutuluka panja. Mankhwala a kachilomboka atafika kuchipatala, aNangozo anali m'gulu la oyamba kukaima pamzere, ndipo amamwabe tsiku lililonse. Akalamba, akulimabe kachewere, ndipo ambiri mwa omwe ankawathawa kuchitsime anawaperekeza okha kumanda. Azakhali atadwala, amene ankawasambitsa ndi iwowo.

Kopo ija ilipobe, yophwanyikaphwanyika m'mbali, ndipo kachingwe kakathetheka amamangapo kena. Nditawafunsa chifukwa chake, anati amamwetsera alendo, ndipo amadziwira pomwepo kuti wabwera ndani. Chaka chatha ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi, yemwe nkhani imeneyi saidziwa. Titafika anapempha madzi. ANangozo anamupatsa m'kopo yomweyo, n'kuima akumuyang'ana. Mwanayo anagugudiza onse, n'kuwabwezera kopo ija kuti amuonjezere.