Khadi Limene a Mawaya Anamanga

Munali m'chaka cha 2016, nyengo yozizira itangoyamba, pamene ofesi yosunga kaundula wa ana obadwa inalandira mphatso ya kompyuta yaikulu. Woikonza anali katswiri wa makina wa paofesipo, bambo wamtali amene onse ankamutcha a Mawaya, poti m'matumba mwawo simunkasowa tizingwe.

Kompyutayo inali ya mtundu wosowa. Purosesa yake, ubongo wa makinawo, sinali ngati ya makompyuta wamba, ndipo zida zogwirizana nayo zinali zowerengeka. Inabwera ndi madisiki awiri a SSD oti azisunga zofanana, kuti imodzi ikafa inzake itsale. Akatswiri amati RAID. Njira zinali ziwiri: kuika khadi lapadera loyang'anira madisikiwo, kapena kusiyira ntchitoyo pulogalamu ya m'kompyutamo.

"Bwana, tiisiyire pulogalamu," anatero a Mawaya kwa mkulu wa ofesiyo pa 9 Juni. "Makina akafa, madisiki tidzawawerengera pa kompyuta ina. Koma khadili limalemba mwanjira yakeyake. Likapsa pafunika linzake lenileni, ndipo la makina awa silipezeka wamba."

"A Mawaya, inu mumaopa ndi mthunzi wanu womwe," anaseka bwana. "Khadi lonyezimira chonchi tilitsekere m'kabati? Otipatsawo akabwera kudzaona tidzati chiyani?"

A Mawaya anatenga sikuludiraiva, nalimanga khadilo. Atapempha disiki yachitatu yosungira padera, bwana anati mawa. Mawalo silinafike.

Zaka ziwiri alembi anakhala akujambula mabuku a kaundula tsamba ndi tsamba, n'kumasunga zithunzizo m'kompyutamo. Pa 3 Ogasiti 2018, mabukuwo, amene chiswe chinali chitawadya kale m'mbali, anawotchedwa kuseri kwa ofesi kuti m'chipindamo mupezeke malo.

Khadi linapsa pa 21 Januwale 2020, magetsi atabwera mwamphamvu. Madisiki onse awiri anali bwinobwino, koma panalibe chowatsekulira. Mu Malichi bwana uja anasamutsidwa. Otsala anali a Mawaya, ndi mzere wa anthu pawindo.

Mayi wina anabwera kasanu kufuna kalata ya kubadwa ya mwana wake, amene anali atapeza malo kusukulu ya unamwino.

"Ndiye mukuti chiyani, bambo? Mwana wangayu sanabadwe?"

"Anabadwa, mayi. Dzina lake lilimo umu," anayankha a Mawaya.

"Nanga litulutsenitu!"

Kalatayo sinatuluke. Malo a kusukulu aja anapita kwa wina.

A Mawaya analemba makalata kulikonse kufunafuna khadi longa lija, koma opanga anali atasiya kalekale. Makhadi awiri amene anafika, makina anawakana. Lachitatu linayaka, kenaka linalemba kuti madisikiwo ndi achilendo, liwafufute? Anazula chingwe cha magetsi.

Kunyumba ankangotosatosa chakudya.

"Bambo a ana, idyani," ankatero akazi awo. "Kodi si inu munakana? Mwaonda ngati mawaya anu omwewo."

"Ndinakana pakamwa, mayi. Koma anamanga ndani?"

Anayenera kupuma pantchito mu 2021, koma anapempha kuwonjezera, kenaka anapemphanso. Ankaopa kuti wobwera pambuyo pawo, poona kuti madisikiwo sakutseguka, adzangowafufuta. Kachitatu akuluakulu anakana.

Tsiku lomaliza anawakulunga madisikiwo, nawaika m'bokosi limodzi ndi khadi lopsa lija. Pamwamba analemba ndi zilembo zazikulu: "OSAFUFUTA. MAYINA ONSE ALIMO." Analipereka kwa mlembi wapawindo, koma atafika pachitseko anabwerera kukaonanso ngati inki yagwira.

Anachoka Lachinayi, pa 30 Novembala 2023.