Ndinalanda Makapisozi a Mwana Wanga

Chinali chaka cha 1998, ndili ndi zaka 63. Cholakwa chinali changa. Sindinamizira munthu.

Mwana wanga Esitere anabereka mwana wamwamuna kuchipatala ku Chipyela. Mwamuna wake anali pantchito ku Zimbabwe, choncho wolamula pakhomo ndinali ine. Potuluka m'chipatala, thupi la Esitere linkatentha pang'ono. Anamwino anamupatsa makapisozi a sabata yathunthu, namuuza kuti amwe onse ngakhale atapeza bwino.

Ine ndinagwira ntchito kumigodi ku Joni zaka khumi ndi zinayi. Ndinabwerako ndi chitini chosungiramo mankhwala, ndipo kwathu ku Khuyu wodwala ankayamba wafika kwa ine. Pachilumba mankhwala amadikira sitima, sitimawaseweretsa. Tsiku lachitatu ndinaona Esitere akuchapa matewera uku akuseka. Ndinatenga makapisozi otsalawo n'kuponya m'chitini.

"Ababa, anamwino anati ndimalize," anatero.

"Wochira samwa mankhwala. Madokotala ndinawaona iwe usanabadwe."

Anabwerera kukachapa matewera. Ana anga ndinawalera kuti asamandiyankhe.

Makapisozi ena ndinapatsa msodzi amene anabayidwa ndi mbedza. Ena ndinatsegula n'kuthira ufa wake pabala la mwendo wanga.

Patapita masiku anayi kutentha kuja kunabwerera. Ankanjenjemera, pamimba posakhudzika. Mayi ake anati tithamange naye. Ine ndinati ndi malungo, n'kumupatsa kolokwini. Ndinachedwa masiku awiri. Chifukwa chake ndinena: ndinkaopa kuti anamwino andifunsa za makapisozi.

Tinamunyamula pamachila. Anamwino anandifunsadi, anthu akumva, ndipo ndinayankha zoona. Anati matenda a m'chiberekero alowa m'magazi, akufunika chipatala chachikulu cha kumtunda. Sitima inali itadutsa dzulo lake. Yotsatira inapeza titaika kale.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga, mayi akachoka kochira mankhwala ake ndi ake. Amwe mpaka lomaliza. Musagawire mnansi, musasungire mawa. Thupi likatenthanso, nyamukani tsiku lomwelo. Kukalipiridwa ndi namwino sikupha.

Ndinataya Esitere ali ndi zaka 24. Ndinataya mdzukulu: bambo ake anadzamutenga, sanamubweretsenso. Mkazi wanga anakhala nane zaka zina zisanu ndi chimodzi, akundiphikira, osandiyang'ana kumaso, mpaka anamwalira. Anthu atatu.