Nsapato ya amake Tumpale

Mwaswera bwanji nonse.

Lero titaweruka mapemphero kuno ku Iponga, achinyamata anapachika bedishiti m'tchalitchi n'kutionetsa filimu. Inali ya kamtsikana ka Fomu 1 pasukulu yogonera komweko, kamene anzake a Fomu 4 ankakamenya chifukwa chopemphera kasanadye.

Atakatayira nyemba zake pansi, alamu anga, amake Tumpale, anadzambatuka. "Iwe! Tamusiye mwana wa eni ake!" Tinangoona nsapato ikuuluka. Bedishiti yonse inagwera abusa amene anakhala kutsogolo. Kyala, Mulungu wanga! Tinaseka mpaka misozi, abusanso akuseka ali mkati mwa nsalu.

Koma tafika kunyumba nkhani yavuta. Alamu akuti Tumpale sapitanso kusekondale yogonera imene wasankhidwa ija, aziyendera ya pafupi pompano. Mwana analimbikira chonchija!

Tumpale wangoti, "Amama, kupemphera sindisiya. Mungondipatsa nsapato ija ndipite nayo."

Inu mukuti bwanji, apite kapena asapite? Achimwene, imbani foni mulankhule nawo nokha akazi anuwa. Ine ndikuopa, nsapato inayo ikadali kuphazi.