Tormod Asowa Ali Pomwepo

Pa chilumba chathu cha Uist panalibe munthu wosavuta kumuzindikira ngati Tormod MacAulay. Anali wamtali ngati mlongoti, mapazi aakulu zedi, ndipo ankatsimphina mwendo wamanzere umene nkhosa yamphongo inamugunda ali mnyamata. Sanakwatire. Ankakhala ndi mlongo wake Peigi, kuweta nkhosa, ndi kukonza mipanda ya anthu eni ake asanamupemphe. Ine ndinakulira khomo loyandikana ndi lawo, ndiye izi si za m'maluwa ayi.

Halowini ikafika, usiku womaliza wa Okutobala, bamboyu ankasanduka mwana. Kwathu akulu ndi ana omwe timavala zikopa za nkhosa ndi zigoba kumaso, n'kumalowa nyumba ndi nyumba chili chete. Eni nyumba amayesa kutchula dzina lako. Akalasa, umavula chigoba, waluza. Akalephera amati, "Tagonja," iwe n'kupitirira. Makolo ankati ukabisa nkhope, mizimu yoyendayenda tsiku limenelo imakuyesa mnzake n'kukusiya. Tormod za mizimu analibe nazo ntchito. Iye ankangofuna kumaliza mudzi wonse, chaka chimodzi chokha, popanda womutchula.

Koma abale, zikanatheka bwanji? Asanagogode n'komwe, wina m'nyumba anali atakuwa kale: "Lowani a Tormod, tiyi akuzizira!"

Chaka china anavala diresi la malemu azakhali ake. Lachlan wa m'sitolo anangoyang'ana pansi n'kuti, "Mayi, mapaziwa mwabwereka kwa Tormod? Mukabweze, akuwafuna." Tinaseka mpaka misozi. Mwini wake anasekanso, koma ine ndinkaona kuti zikumuwawa.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi anati chaka chino zione zina. Anaika kamwala m'nsapato yakumanja kuti miyendo yonse izitsimphina mofanana. Anamangirira pilo kumsana, n'kupinda msana ngati nkhalamba, siketi yaitali ikukwekwereza pansi, chikopa cha nkhosa m'mapewa, chigoba kumaso. Zonsezi anakavalira m'khola. Masana anali atauza Peigi kuti akukaona nkhosa kudambo, kuti asamuganizire.

Dzuwa litalowa, gogo wa linunda uja analowa kwathu. Ine ndinatchula mayina asanu, onse olakwika, n'kugonja. Kwa Lachlan chimodzimodzi. Nyumba ndi nyumba, "Tagonja, tagonja." Ena tinayamba kumulondola kuti tione amene amutulukire. Pomaliza panatsala nyumba imodzi, yake yomwe.

Peigi anatsegula chitseko, koma sanamulabadire n'komwe gogoyo. Maso ake anali pa ife.

"Achimwene mwawaona?" anafunsa. "Anapita kudambo masana. Mpaka pano."

Lachlan anakanda mutu. "Zoonadi, chaka chino sanatipeze. Tormod kuphonya Halowini? Sizinachitikepo."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Dambo limenelo timalidziwa, linamezapo ng'ombe yathunthu. Amuna anathamangira matochi ndi zingwe. Lachlan anapatsira gogo uja tochi m'manja. "Inunso, kaya ndinu ndani, gwirani apa. Tiyeni!"

Tsono tamuganizireni Tormod. Zaka zonse zija akudikira, patsala mawu amodzi okha a Peigi, akuti "Ndagonja." Akangotsegula pakamwa, zonse zagwera m'madzi. Anadziuza kuti tingoyenda pang'ono, Peigi atembenuka, agonja, basi. Ndiye ananyamuka nafe, kamwala kakumulasa, akuwalitsa tochi m'mapanga ndi kuseri kwa miyala, kufunafuna Tormod. Ine ndinali pambali pake penipeni, ndikukuwa dzina lake m'khutu mwake momwe. Ndikakumbukira ndimafuna kumutsina!

Titafika m'mphepete mwa dambo, Peigi sanaime. Mayi wa maondo ovuta uja, amene kutchalitchi ankapita atagwiridwa dzanja, analowa m'matope mpaka m'akakolo.

"Tormod! Achimwene! Yankhani, chonde!"

Anapondanso kutsogolo, matope n'kufika m'maondo. Pamenepo gogo uja anaponya tochi pansi, msana n'kuwongoka kuti njo, anatambasula dzanja lalitali n'kumukoka ngati kamwana ka nkhosa.

"Achemwali, bwererani. Mumira."

Kenako Lachlan anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kuyamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka tonse tinagwa nako. Peigi yekha sanaseke. Anazula chigoba chija n'kuyamba kumukwapula nacho m'mapewa.

"Chitsiru cha munthu! Imvi zonsezi! Ine mtima uli m'mwamba, iwe uli pano ndi tochi?"

Tormod anaima phee, akulandira zikwapuzo, pilo atapendekera m'nthiti. Peigi atatopa, anamugwira malaya ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Apo m'pamene Tormod anawerama n'kufunsa motsitsa, mwamanyazi:

"Komano achemwali, pakhomo paja munandidziwa?"

Peigi anapukuta m'maso ndi chikopa cha nkhosa chimene mchimwene wake anavala.

"Sindinakudziwe," anatero. "Ndipo usadzayerekezenso."