Phulusa Limene Ndinathira pa Petulo

Moto umene unapha amuna anga ndinaunyamula ndine, pa chivundikiro cha poto, n'kukauthira pa mapazi awo. Abale awo mpaka lero amadziwa kuti anali mawaya a njinga. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho inu owerenga mundipirire, ndingonena monga zinachitikira.

Timakhala m'Kanyama, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ine ndimakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Atate a Tisa, amuna anga, anali ndi njinga yamoto yakale imene ankaperekera buledi m'tuntemba, timasitolo ta m'mbali mwa msewu, kuyambira kwathu kuno mpaka ku komboni ya George. Njingayo inkagona m'chipinda chochezera, chifukwa kuno ukaisiya panja umadzapeza unyolo wokha.

Vuto linayamba ndi fungo. Tikadzuka, zovala ndi mabulangete zinkanunkha petulo, ndipo pansi pa injini pankakhala chidontho chonyowa. Atate a Tisa anati ndi paipi, nagula ina. Kudontha sikunaleke. Kenaka anati ndi m'mphepete mwa kambale ka pansi pa kabureta, m'mene petulo amayamba wasonkhana asanalowe mu injini. Anamata sopo wochapira kuzungulira kambaleko monga anzawo anawauzira. Panauma masiku awiri basi.

Potsiriza anaitana ba Zulu, makaniko wa kumsika. Iwo anatseka kampopi ka pansi pa thanki, napukuta kabureta yense mpaka gwa, natsegulanso kampopiko n'kumayang'ana. Paipi inali youma, m'mphepete mwa kambale mouma. Petulo anatulukira pa kapaipi kakang'ono kolozera pansi.

“Ba Banda, mwavutika chabe na sopo,” anatero. “Ni kanyeleti ka mukati kanasila. Na kampopi aka sikavala bwino, muchinje vonse viwiri.”

Anatilongosolera kuti m'kambalemo muli kachinthu koyandama. Petulo akadzaza, kamakwera n'kukankha kasingano kotseka njira, kamene iwo ankati kanyeleti. Kasinganoko kakadyeka, kapena dzimbiri la m'thanki likakakamira pamenepo, petulo amangolowa mpaka kusefukira. Kampopi nako anati sikankatseka bwino. Atate a Tisa anavomera, koma anapeza njira yachidule. Akagogoda kabureta ndi sipanala, kudontha kunkaleka tsiku limenelo. Ankaseka n'kumati njinga yawo ili ngati mwana wosamva, imafuna kambama. Anagogoda choncho miyezi itatu.

Tsono apa ndi pamene ndinalowerapo ine. Kwathu ku Katete chilichonse chotayikira pansi timathirapo phulusa, kaya ndi zitosi za nkhuku, mafuta, kapena masanzi a mwana. Likayamwa timasesa. Ndinkachita chimodzimodzi ndi petulo uja. M'mawa uliwonse ndisanakoleze mbaula ndinkakhuthula phulusa la dzulo, n'kuwaza pachidonthopo, n'kusesa. Simenti inkayera, fungo n'kuchepa. Atate a Tisa ankandiyamikira ukhondo. Palibe mmodzi wa ife anaganizapo kuti zinkatiyendera bwino chifukwa phulusalo linali logona, lozizira.

Loweruka lina m'nyengo ya mvula anabwera masana ali ndi kasingano katsopano m'kapepala. Kampopi anati sanakapeze. Panja madzi anali m'akakolo, monga mudziwa Kanyama mvula ikagwa, ndiye anaganiza zokonzera m'nyumba. Tisa anali ku kwaya. Ine ndinali nditangomaliza kukazinga pakhonde.

Anatseka kampopi kosatseka kaja, nakhala pansi n'kumasula kambale. Petulo yense wa m'menemo anawatayikira pa thalauzi, ndipo wina anapitiriza kuchucha kuchokera m'thanki. Anatsina paipi ndi zala n'kundiitana.

“Amake Tisa, bweretsani chopukutira, pansi pano pasefukira.”

Anapempha nsanza. Ine manja anga anathamangira chimene anazolowera. Ndinakokera phulusa la pansi pa mbaula pa chivundikiro. Pamwamba linali loyera, lopanda utsi. Ndinalowa nalo n'kuwaza.

Sindinamve kuphulika kwakukulu. Kunangomveka ngati munthu wakutumula bulangete, ndipo chipinda chonse chinawala. Iwo anasiya paipi kuti adziphimbe kumaso, petulo n'kuyamba kutsika momasuka. Njinga inali pakati pa iwo ndi khomo. Ndinatenga ndowa ya madzi n'kuthira, ndipo ichi chinali cholakwa changa chachiwiri, pakuti motowo unayandama pa madzi n'kufika ku mipando. Anansi ndi amene anawakoka, n'kuwagubuduza m'matope a panja. Njingayo anaizima ndi mchenga wa a landilodi.

M'chipatala anakhala masiku asanu. Kuyambira pachifuwa kutsika mpaka kumapazi khungu linali litapita. Tsiku lachiwiri alamu anga, akulu awo, anafunsa chimene chinayatsa. Ndisanatsegule pakamwa iwo anayankha kuti ndi mawaya a batire. Alamu atatuluka anandiitana ndi maso.

“Phulusa lija musalitchule. Abale anga akamva azakuchotsani na chitenje chimodzi, na Tisa azamutenga. Ni mawaya. Mwamva?”

Ndinati ndamva. Mawu ena omveka sanalankhulenso. Pamaliro anthu ankatukwana njinga, ena ba Zulu, amene sanalakwe chilichonse. Ine ndinagona pamphasa pakati pa azimayi, ndili chete. Ba Zulu anasamukira ku Chawama chifukwa anthu analeka kuwapatsa ntchito, ndipo izinso zili pa ine.

Ndikanapitiriza kusunga mawu a malemu. Koma mwezi watha m'nyumba yoyang'anana ndi yathu munalowa banja latsopano, mwamuna wa njinga yamoto. Ndikudutsa ndi beseni langa ndinamva fungo lija. Nditasuzumira ndinaona njinga pafupi ndi kabati, pansi pake kachitini kolandirira madontho, ndipo mkaziyo akupepeza mbaula pakhomo penipeni, khanda lili kumsana. Ndinatula beseni, n'kunyamula mbaulayo kukaiika kutali. Anandiyang'ana ngati wamisala. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, za phulusa zomwe. Anali munthu woyamba kuzimva. Wachiwiri anali Tisa, madzulo a tsiku lomwelo. Mpaka pano pamene ndikulemba akulankhula nane mawu owerengeka.

Inu abambo a njinga, petulo akayamba kudontha musamate sopo, musagogode. Pukutani paume, muone pamene payambire kunyowa, ndipo chimene makaniko wanena kuti musinthe, sinthani chonse. Kabureta musamasulire m'nyumba ngakhale mvula igwe sabata yathunthu. Buledi wa tsiku limodzi akhoza kudikira. Petulo akayaka, madzi ayi, thirani mchenga.

Inu azimayi anzanga, njinga ikamagona m'nyumba mwanu ndi nkhani yanunso. Mphuno zanu zikamva petulo, tsegulani zitseko, mbaula ipite kutali, ndipo phulusa musaliyandikize ngakhale lioneke loyera chotani. Ine silinanditenthe m'manja ponyamula, n'chifukwa chake ndinalikhulupirira.

Alamu, ngati wina akuwerengerani izi, sanali mawaya. Mng'ono wanu ananama kuti anditeteze. Ndikadali m'nyumba yomwe ija, bwerani tidzakambe.