Kabokosi Kofunsa Kamodzi

Anthu ankawaitana kuti Amambande chifukwa cha ntchito yawo, ndipo iwo ankavomera. Kuseri kwa nyumba yawo kunali nazale: mizere ya machubu akuda pansi pa mthunzi wa udzu, mitengo ya zipatso mbali ina, ya nkhuni mbali ina. Chaka chawo chinkayamba mphepo yozizira ikamatha. Ankasefa dothi, kufesa, kenako kuthirira chilimwe chonse, mpaka keni yothirira inawapendeketsa phewa. Mbande zinkayenera kuchoka m'manja mwawo mvula yoyamba ikangogwa. Zikachedwa, mizu imaboola chubu n'kugwira pansi, ndipo mtengo wotero sufunanso kusamuka.

Anali ndi khalidwe limodzi lomwe banja lonse linkaliseka: sankalandira chinthu ulendo woyamba. Ukawapatsa mpando ankati aima, ukawathirira tiyi ankati angomwa kumene. Unkayenera kufunsanso, ndipo pamenepo ankalandira mokondwa. Malemu amuna awo ankati ngakhale banja analifunsira kawiri.

Mwana wawo wachisamba, wamkazi, ankagwira ntchito m'tauni yopanga masamba a pa intaneti. Chaka china anapanga tsamba loti ofuna mitengo azilembapo, olima mbande n'kumawayankha. Ukaliika pasikirini ya foni, linkaoneka ngati kamtengo kobiriwira, ndipo linkakudziwitsa wogula akalemba. Mwanayu ankadana ndi masamba otopetsa anthu ndi mafunso. Choncho analikonza kuti lizifunsa kamodzi kokha, munthu akakana lisayambirenso.

Atabwera kudzacheza m'nyengo yotentha, anawatsegulira mayi ake tsambalo pafoni yawo ali pakhonde, iye n'kulowa kukalongedza chikwama popeza nthawi ya basi inali itayandikira. Kabokosi kanatulukira pafoni, kufunsa ngati tsambalo liikidwe pasikirini. Amambande anapukuta chala pansalu, n'kudina poti "osati pano". Anadikira, foni ili m'manja, kuti kafunsenso. Sikanabwerenso. Mwana atatuluka n'kufunsa ngati zatheka, iwo anati zonse zili bwino, poopa kumuchedwetsa.

Mitambo inayamba kusonkhana. Uthenga wa mwana uja womwe munali linki yotsegulira tsambalo unakwiririka pansi pa mauthenga ena, ndipo dzina la tsambalo sankadziwa kalembedwe kake. Mwana akaimba foni, ankamuuza za kutentha ndi za msana, koma za kabokosi ayi. Ankaona ngati akatero amuuza kuti ntchito yake ili ndi chilema. Amambande sanalondole ogula awo akale a m'mbali mwa msewu chaka chimenecho, poganiza kuti foni iwabweretsera ambiri.

Ogula analembadi. Sukulu ina inkafuna mitengo yozungulira bwalo, mlimi wina ankafuna ya zipatso. Anadikira yankho, mvula inagwa, iwo anapita kwina.

Mwana anabweranso dzinja lili pakati, n'kupeza nazale yasanduka kathengo. Anakoka chubu chimodzi, sichinasunthe. Anatenga foni ya mayi ake, kufunafuna kamtengo kobiriwira kaja, osakapeza.

"Amayi, munadina pati tsiku lija?"

"Ndinangokana pang'ono. Ndimati kafunsanso."

"Si munthu kameneko, amayi. Ndinakauza ndine kuti kasamakakamize anthu."

"Ndiye sunakalere bwino, mwanawe. Mlendo wanji wongomva ayi mmodzi, basi wanyamula chipewa?"

Mwanayo anafuna kuseka, koma maso ake anali pa mbande. Anatsegula tsambalo, nadina pakona, n'kuliika yekha pasikirini. Inali ntchito ya kanthawi kochepa kuposa kumanga nsapato. Mauthenga a ogula anatulukira, onse akale. Anawerenga chamumtima, kenako ananena motsitsa mawu kuti akalikonza, lizifunsanso pakapita nthawi, ndiponso pazikhala batani loonekera la wosintha maganizo. Amayi ake anagwedeza mutu, nati zimenezo zithandiza ena.

Tsiku lotsatira onse awiri anatenga mipeni n'kuyamba kudula mizu yotulukira pansi pa machubu, kuti mwina zina zipulumuke. Za mzere woyamba zinafota dzuwa lisanapendeke. Amambande anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kumulanda mwana mpeni. Anati zotsalazo azisiye, zagwira kale pomwe zili. Anang'amba machubu, kufotsera dothi pamizu, kupatulira zothithikana. Malo omwe anafesapo moyo wawo wonse anawasiyira mitengo yosagulidwayo, ndipo madzulo anapita kutsogolo kwa nyumba kukaona ngati pali mthunzi wokwanira nazale ina.